Nkhuku ya a Eveles

Lolemba, 8 Febuluwale 1954

Ndayamba kulemba m'kope la mng'ono wanga chifukwa ndikangogona chete mtima ukuthamanga. Ine ndine Zelifa, mkazi wa a Eneya, kwathu ndi kumadimba a mpunga kufupi ndi Chilwa. Ngati sindituluka muno, wina adzamuwerengere mwanayu.

Anandibweretsa dzulo pa machila, mvula ili pamsana. Masiku anga anali asanakwane. Asisiteri achizungu amene amayang'anira chipatala cha mishoni chino anali m'tchalitchi, ndiye anandilandira ndi anesi a Eveles, munthu wamfupi wa manja aakulu. Mwana anabadwa mapemphero asanathe. Sanalire. Ndinamva amayi anga atayamba kale kubuma pakhonde. A Eveles anamutembenuza, kumupukuta kumsana, kumuuzira mpweya m'kamwa, akuti, "Iwe, usandichititse manyazi tsiku Lamulungu." Kenako kanalira ngati kamphaka.

Ndi wamkazi. Pa sikelo mapaundi atatu ndi theka. Amugoneka m'bokosi la sopo, m'kati mwa thonje, mabotolo a madzi otentha m'mbali. Sakuyamwa. Ndikuopa kumugwira.

Lachiwiri, 9 Febuluwale

Thupi langa latentha. Akuti ndizibayidwa penisilini m'mawa ndi madzulo.

Bedi loyandikana ndi langa pali a Katija, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa pamsika. Ali ndi chilonda pamwendo, koma pakamwa ali bwinobwino. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wabereka mwana. Usalire iwe, misozi imadya mkaka."

M'mawa a Eveles anabwera ndi jakisoni m'kambale, Asisiteri ali pambuyo. Asisiteri anati, "Lero Eveles abaya iwe." Ine ndinadzikulunga m'bulangete. Ndinati, "Ayi Asisiteri, mundibaye inuyo." Amayi anandiuziratu panjira kuti jakisoni wa mzungu ndiye amafika pamene pali matenda, wa munthu mnzathu amathera pakhungu. Amayi onse muno amanena zomwezo. A Eveles anapereka kambale kaja, n'kuwerama kutenga poti pansi pa bedi, n'kutuluka naye.

Asisiteri anandibaya. A Katija akuti, "Wamva? Ameneyo amabaya ngati akukhoma denga."

Lachitatu, 10 Febuluwale

Mutu, kuzizidwa. Jakisoni awiri. Mwana ali moyo.

Lachinayi, 11 Febuluwale

Lero ndi tsiku la adokotala ochokera ku boma. Anandiika kagalasi m'kamwa, anandidina pamimba, anati kutentha kwayamba kutsika, jakisoni apitirire mpaka Lamulungu. Mwana anangomuvundukula pang'ono. Anati asazizidwe, ndipo azimwa mkaka wanga pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndi kasupuni, mpaka adzathe kuyamwa yekha.

Kasupuniko ndi ntchito ya a Eveles. Amandifinya mkaka m'kakapu, amakhala pampando mwana ali pamwendo, amamusisita pansi pa chibwano ndi chala, ndiye amadonthezera m'mbali mwa kamwa. Amayankhula naye ngati munthu wamkulu. "Mezani amayi, anthu akudikira. Simuli nokha m'chipatala muno."

Loweruka, 13 Febuluwale

Ndadzuka ndekha mpaka pakhonde. Phiri la Mulanje likuoneka lonse lero, madzi akutsika m'miyala ngati nsalu zoyanika. Amayi abweretsa chimanga chachiwisi ndi matemba. Ndagawira a Katija, iwo andipatsa nthochi zimene anawabweretsera mwana wawo.

Ndayesa kumumwetsa mwana ndekha. Watsamwa, wada kumaso, ine ndakuwa. A Eveles anathamanga ndi nsalu zonyowa m'manja, n'kumugoneka chafufumimba pamkono, kanakhosomola, basi. Anati, "Mwathira ngati mukuthirira fodya. Dontho limodzi, mudikire." Amayi ayesa, nawonso mkaka watayikira m'khosi. Pali anesi ena, a Margret, koma ndi atsopano ndipo amanjenjemera kuposa ine.

Ndikuona ntchito ya a Eveles chifukwa ndilibe china chochita. Kuwiritsa singano, kutsuka zilonda, kutaya mapoti, kuchapa, kusintha madzi m'mabotolo a mwana wanga. Anthu amawaitana kuti "iwe". Akachira amapita kukagwada pakhomo la Asisiteri.

Lolemba, 15 Febuluwale

Jakisoni anatha dzulo. Mchombo wa mwana wagwa, amayi aukulunga m'kansalu.

Kwathu mchombo ukagwa timasambitsa m'manja munthu amene analandira mwana. Amayi ake a wobereka amamuthira madzi m'manja, n'kumupatsa nkhuku ndi ufa. Zikapanda kutero amati mwana sanalandiridwe bwino pa dziko. Ndiye a Eneya abwera pa njinga ndi nkhuku yathadzi yamawangamawanga, atavala jekete la pa ukwati ngakhale kunja kukutentha. Anasuzumira m'bokosi, n'kufunsa kuti, "Ndi yense ameneyu?" A Katija anati, "Wina wotsalayo mubweretse inuyo, bambo." Chipinda chonse chinaseka.

Kenako Asisiteri analowa. A Eneya anagwada, n'kupereka nkhuku ndi manja awiri, akuti, "Zikomo potilandirira mwana." Amayi anaomba m'manja. Iwo akuti mwini nyumba ndiye amalandira. Asisiteri anati, "Zikomo, zikomo, nkhuku yabwino," n'kuuza a Eveles kuti akaiponye m'khola la mishoni.

A Eveles anainyamula kukhwapa n'kutuluka nayo. Ine ndinangoyang'ana kukhoma.

Lachiwiri, 16 Febuluwale

Ndamva chinthu chimene chandichotsa njala. A Margret auza a Katija kuti a Eveles akusiya ntchito mwezi uno ukatha. Akupita ku Limbe kwa azakhali awo kukasoka zovala.

Masana pomumwetsa mwana ndinawafunsa. Anati n'zoona. Ndinati, "Nanga uyu?" Anati, "Pofika nthawi imeneyo mudzakhala mutaphunzira." Ndinati sindingaphunzire. Anaseka pang'ono.

"Achemwali, ine ndinaphunzira kubaya jakisoni pa mapapaya. Asisiteri anandiphunzitsa okha. Ndinabaya mapapaya onse a kumunda kwawo, palibe limene linadandaula. Mayeso ndinakhoza. Koma zaka zonsezi munthu wamoyo sanandilolepo. Ndiye ndiziwiritsa singano zobayira ena mpaka imvi? Kuli bwino ndikabaye nsalu. Nsalu sisankha dzanja."

Ndinati, "Nkhuku ija inali yanu." Anati, "Nkhuku si kanthu. Mezani amayi." Koma ndinaona kuti ndi kanthu.

Lachitatu, 17 Febuluwale

Amuyeza. Watsika pang'ono, sakufikanso pa atatu ndi theka. Asisiteri akuti ana onse amatero poyamba. Ine ndikungowerenga masiku a a Eveles. Akapita, mwana wanga adya m'dzanja la yani?

Ndalira. A Katija anandiponyera khoko la nthochi, akuti, "Tanena kale za misozi. Siyira ine nkhaniyo."

Lachinayi, 18 Febuluwale

Adokotala anabwera n'kupita. Asisiteri akumanga mwendo wa a Katija, a Katija anayamba.

"Asisiteri, nkhuku ija mwadya?"

"Ayi, ili m'khola. Bwanji, mayi?"

"Ndimafuna ndidziwe ngati mwadya nkhuku ya eni ake."

Asisiteri anasiya kumanga. A Katija anafotokoza zonse, za madzi, za ufa, kuti nkhuku imeneyo si yothokozera chipatala koma ndi ya manja amene anagwira mwana poyamba. "Inu tsiku lija munali kuimba nyimbo m'tchalitchi. Tinakumvani, munaimba bwino. Koma mwanayu anamuuzira mpweya ndi a Eveles."

Asisiteri anafiira mpaka m'makutu. Chinyanja chawo n'chokhota koma chimamveka. Anati, "Ine sindinadziwe. Ine ndalakwa, nkhuku ibwerera." A Katija anatiyang'ana tonse ngati munthu wogulitsa zitumbuwa zonse m'mawa umodzi.

Koma Asisiteri anali asanamalize. Anaimirira pakati pa mabedi. "Amayi, ine ndinatenga nkhuku imodzi posadziwa. Inu mumakana manja a Eveles tsiku ndi tsiku, mukudziwa. Mankhwala ndi amodzi, singano ndi imodzi. Ine ndili ndi manja awiri okha, ndipo ndikukalamba. Ndani wa inu analola?"

A Katija anayamba kuyang'anitsitsa chilonda chawo ngati achiona koyamba. Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Lachisanu, 19 Febuluwale

Lero kunali chisangalalo. M'khola la mishoni muli nkhuku zambiri zamawangamawanga, ndiye anaitana amayi kuti akaloze yathu. Amayi anailoza, koma potsegula chitseko inathawa. Tinaonera pawindo. Amayi patsogolo, a Margret pambuyo, Asisiteri atakwinya mkanjo wawo woyera m'matope, nkhuku ikuzungulira mtengo wa mango. Odwala a ku chipinda cha amuna anatuluka kudzalangiza, wina ndi ndodo zake akuti, "Itsekereni ku mpanda, Asisiteri." A Katija anaseka mpaka anapempha madzi. Inagwidwa pansi pa thanki ya madzi.

Anaitana a Eveles. Anabwera akupukuta m'manja pa epuloni, osadziwa kanthu. Amayi anawakhazika pampando pakati pa chipinda. Asisiteri anafunsa kuti, "Ine ndichite chiyani?" A Katija anati, "Gwirani beseni." Anagwira. Amayi anagwada, n'kuthira madzi m'manja mwa a Eveles pang'onopang'ono, akuyankhula Chilomwe monga amachitira mtima ukadzaza. Anati manja awa ndi amene anatsegulira mdzukulu wawo chitseko, asadwale, asatope. Kenako ufa, kenako nkhuku. Amayi a m'mabedi analuluta chapansipansi kuopa kudzidzimutsa ana.

A Eveles anayang'ana madzi akudontha m'beseni limene iwo amanyamula masiku onse. Anati, "Zikomo amayi. Zikomo Asisiteri." Maso anali ofiira.

Madzulo ndinafunsa ngati tsopano akhala. Anati, "Nkhuku ndalandira, ndipo ndakondwa, sindinama. Koma mawa m'mawa ndikawiritsa singano, abaye ndi yani?"

Bere langa lakumanzere layamba kuwawa.

Loweruka, 20 Febuluwale

Bere latupa, lauma ngati mwala. Kutentha kwabwerera. Asisiteri akuti ndi chifukwa mwana sakuyamwa. Nsalu ya madzi otentha, kufinya, ndi penisilini kachiwiri, m'mawa ndi madzulo.

Ndilemba izi bwinobwino.

Anabwera awiri monga kale, koma kambale kanali kwa Asisiteri, sanafunsenso. Amayi anali pansi pafupi ndi bokosi la mwana. Ndinaganiza kuti ngati amayi amanena zoona, mankhwala akathera pakhungu, ndifa, mwana atsala m'bokosi la sopo. Ndinaganizanso kuti ngati a Eveles apita ku Limbe, atsala m'bokosi momwemo. Ndinati, "Andibaye a Eveles."

Amayi anati, "Zelifa." Ndinati, "Amayi, dzulo munawasambitsa nokha manja amenewa. Mwawadetsanso liti?" Sindinawayankhepo chonchi chibadwire. Anatseka pakamwa ndi nsalu.

Asisiteri anapereka kambale n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukhomo. A Eveles anakweza jakisoni kuwindo, kumugogoda ndi chala. Ndinaona kuti iwonso akupuma mothamanga. Anandinong'oneza kuti, "Musaumitse thupi." Ndinati, "Inunso." A Katija anati, "Anesi, yesani papaya basi. Ndi papaya limenelo, lakupsa pang'ono." Ndinaseka, ndipo ndikuseka choncho anandimenya kambama kakang'ono pathako. Ndinadikira singano. Ndinati, "Bayanitu, ndatopa ndi mantha." Anati, "Ndatha kale."

Chipinda chonse chikundiyang'ana ngati ndiphulika.

Lamulungu, 21 Febuluwale

Kutentha kukadalipo. Amayi sakundiyankhula, akungondigwira pamphumi. Mayi wina wa bedi la kukhomo ndamumva akuti, "Tinanena." A Eveles abaya m'mawa ndi madzulo. Nkhope yawo yaonda tsiku limodzi. Ndikuopa, koma sindibweza mawu.

Lolemba, 22 Febuluwale

Ndadzuka zovala zili chinyowere ndi thukuta, mutu wopepuka, njala ngati ya munthu wochokera kumunda. Kagalasi kakuti kutentha kwatsika. A Eveles anakawerenga kawiri, n'kupita nako kwa Asisiteri, n'kubwerako akuyenda ngati pansi pali ng'oma. Ndadya mpunga mbale yonse ndi mlamba umene anatumiza a Eneya.

Amayi akuuza anthu pakhonde kuti iwo anadziwa kale.

Nthawi ya jakisoni, a Katija anatembenuka okha n'kukweza nsalu. "Anesi, bwerani kuno. Asisiteri musakwiye, koma matako angawa mwawakhoma mokwanira." Asisiteri anati, "Ine sindikwiya, ine ndipita kukamwa tiyi." Ndipo anapitadi.

Lachitatu, 24 Febuluwale

Bere laphwa. Jakisoni atha mawa. Amayi onse muno tsopano akubayidwa ndi a Eveles, kupatula wa kukhomo uja, amene akuti adikira aone kaye mwezi wathunthu.

Lero Asisiteri anavula kiyi wa kabati ya mankhwala m'chiuno mwawo, n'kumumangirira pa epuloni ya a Eveles ndi chingwe, ife tikuona. Anati, "Chipinda cha amayi ndi chako. Ukafuna ine, uitane. Usanafune, usaitane." Mapoti tsopano akusinthana ndi a Margret, ndipo a Margret apatsidwa papaya.

A Eveles akuimba pochapa. Sindinadziwe kuti amaimba. Koma za ku Limbe sananene kanthu, ndipo bokosi lawo lachitsulo a Margret akuti n'lomangabe.

Mwana wabwerera pa mapaundi atatu ndi theka, n'kupitirira pang'ono.

Lachisanu, 26 Febuluwale

Wayamwa. Ndalemba kuti ndisadzaiwale. A Eveles anamuika pabere, kumusisita pansi pa chibwano monga mwa masiku onse, akuti, "Amayi, supuni ndi ya chipatala, tikuifuna." Kanafunafuna, kanagwira, kanakoka. Ndinamva mpaka kumsana. Anayamwa pang'ono n'kugona pakamwa pali pululu.

Ndiye ndinazindikira kuti tsopano a Eveles akhoza kupita, mwana wanga osafa. Ndinayesa kuti ndikondwa basi. Koma ndikufunabe kuti akhale. Mawa kubwera mtsikana wina pa machila, Asisiteri ali m'tchalitchi.

Lolemba, 1 Malichi

Mwezi watha. Lole ya ku Limbe imaima pamsewu m'mawa, imamveka mpaka muno. Inaliza hutala. A Katija ndi ine tinayang'anizana. Inalizanso, kenako tinaimva ikupita cha kumlatho.

Chitseko chinatseguka, a Eveles ndi kambale kawo, kiyi akulira pa epuloni. Anati, "Mukundiyang'ana chiyani? Tembenukani, a Katija."

A Katija anati, "Tinayesa muli pa lole." A Eveles anati, "Nkhuku ija yayamba kuikira kuseri kwa nyumba yanga. Ndingainyamule bwanji ili pa mazira?" A Katija anati, "Eya, nkhukuyo. Ndi nkhuku basi, si china." Ndipo anabayidwa akuseka.

Lachinayi, 4 Malichi

Adokotala akuti mwana wafika mapaundi anayi ndipo akuyamwa bwino. Tikhala sabata ina, kenako kwathu, koma azigona pachifuwa panga, asapite kumadimba mpaka mvula ithe. Pofunsa za ine sanafunse Asisiteri. Asisiteri analoza a Eveles, ndipo a Eveles ndi amene anafotokoza zonse.

A Eneya abwera ndi jekete lija. Dzina la mwana woyamba amatchula ndi a kuchimuna, koma iwo anavula chipewa n'kupempha a Eveles kuti atchule. Ine ndinati tingomutcha Eveles. Anakana. "Dzina limeneli likadali pa ntchito, muno lizisokoneza. Akhale Ida, dzina la amayi anga. Iwo ndi amene anagulitsa mbuzi kuti ndikaphunzire."

Ida. Ndalinena kangapo, likukhala bwino m'kamwa.

Loweruka, 6 Malichi

A Katija atuluka lero, chilonda chauma. Alonjeza Ida zitumbuwa zaulere mpaka adzakwatiwe. Pabedi pawo agonekapo mtsikana wa ku phiri, wamng'ono kuposa ine, mwana wake woyamba, thupi lotentha. Madzulo a Eveles atabwera ndi kambale, anadzikulunga m'bulangete, akuti akufuna wa mzungu.

A Eveles sanaike kambale pansi. Anangoima n'kundiyang'ana.

Ndinapereka Ida kwa amayi, ndinatsika pabedi, ndinakakhala pafupi ndi mtsikanayo. Ndinati, "Achemwali, ine ndabayidwapo ndi onse awiri. Tembenukani, ndikuuzeni nkhani ya papaya."